Zimbale za Bambo a Lusia

Ku Katuli ukafunsa za Lusia, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma ukati Abiti Paulo wa mafilimu, aliyense akulozera nyumba ya malata adzimbiri kuseri kwa chigayo. Pambali pa nyumbayo pali chishedi cha udzu chomwe denga lake linaloza pansi kalekale. Chishedicho chinali vidiyo sho ya bambo ake.

Bambo akewo, a Paulo, anawoloka malire kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo ali mnyamata. Nkhondo itatha anzawo anabwerera, koma iwo anatsala chifukwa anali atakwatira kale a Ana, omwenso anali othawa nkhondo, ndipo anali atapatsidwa kamunda. Ankalima chimanga ndi fodya pang'ono, koma mtima wawo unali pa kanema. Anayamba ndi matepi aja okula ngati njerwa. Zimbale za dividi zitafika, anali oyamba kugula makina ake m'dera lonselo. Masana jenereta inkalira, ana ndi akulu atathithikana pa mabenchi, a Paulo ataima pambali pa wailesi ya kanema akumasulira zomwe azungu, Amwenye ndi Matchaina ankayankhula. Zilankhulo zimenezo sankamvako ngakhale chimodzi. Ankangopeka, ndipo anthu ankakonda zopeka zawozo kuposa filimu yeniyeniyo.

Lusia anakulira m'chishedi chimenecho. Ntchito yake inali kupukuta zimbale ndi kansanza kofewa n'kuzibwezera m'timatumba tawo. Mchimwene wake wamkulu, Domingo, ndiye ankalimbana ndi jenereta, mpaka pamene anatsatira anyamata anzake ku Joni. Mayi awo anamwalira Lusia ali ku sekondale. Atalemba mayeso a folomu folo, mtsikanayo anatsikira ku boma la Mangochi, kumene anapeza ntchito pa kashopu ka Che Sadik pafupi ndi depoti.

Che Sadik anali bambo wofatsa, wa ndevu zometa bwino, yemwe ankatseka shopu nthawi ya swala, mapemphero a Chisilamu, ngakhale makasitomala atafola. Pashopupo ankatayipa makalata, kuchita fotokope ndi kuthira nyimbo m'mafulashi. Lusia anagwira zonsezi msanga. Ankakhala m'kachipinda ka lendi ndi mnzake Edith, yemwe ankagulitsa m'golosale, ndipo Loweruka ankapita kukaona mpira kapena kungoyenda mpaka pa mlatho wa Shire n'kubwerera.

Chaka china Domingo anamutumizira katundu kudzera kwa atransipota, anthu aja amanyamula mitolo ya anthu kuchokera ku Joni. Mu jumbo munali kakompyuta kofiira, kakang'ono kolowa m'chikwama cha m'manja. Lusia anakatembenuza uku ndi uku kufuna polowetsera chimbale, koma sanapapeze.

"Che Sadik, anditumizira chiyani achimwene? Kompyuta yopanda pakamwa idya bwanji filimu?"

Che Sadik anaseka. "Imeneyo ndi netibuku, Abiti Paulo. Siidya yokha, imafuna kuitafunira."

Anamukhazika pa kompyuta yaikulu ya m'shopu n'kumuonetsa kachitidwe kake. Umalowetsa chimbale m'kompyuta yaikuluyo, n'kutsegula pulogalamu yosinthira. Pa tizidutswa tonse timene taoneka, umasankha kotalika kwambiri, chifukwa ndiko filimu yeniyeniyo; tinato ndi zotsatsa malonda. Kenako umaiuza kuti ichepetse chithunzi, poti netibuku ndi yaing'ono mtima: ukaipatsa fayilo yolemera imachita befu, anthu a m'filimu n'kumayenda modumphadumpha. Ukadina, umangodikira kamzere kobiriwira kakwawe mpaka kumapeto. Ikatha, umathira m'fulashi n'kusamutsira mu netibuku.

Nthawi imeneyo timakompyuta totere tinali titachuluka. Aphunzitsi, manesi ndi anyamata ogwira ntchito m'mahotela a ku Makokola ankabwera ndi zimbale zawo, ndipo Che Sadik anangomusiyira Lusia ntchito yonse yosintha. Malonda atakula, bamboyo anapeza chipinda m'mbali mwa msewu wa tala cha ku Makokola komweko, kuti atsegule shopu yachiwiri. Anati Lusia ndiye adzaiyendetse. Anapita naye kukachiona. Chinali chopaka utoto wa buluu, zenera lake lalikulu, ndipo Lusia anali atasankha kale pakona poika tebulo.

Foni inamupeza akutayipa kalata ya kasitomala. Anali mayi Tatu, oyandikana nawo nyumba ku Katuli, omwe anali mnzawo wa malemu mayi ake.

"Abiti Paulo, nyamuka. Bambo ako agwa kumunda. Sakuyankhula."

Ku chipatala anati ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, kuyambira tsaya mpaka phazi. Atawatulutsa, Lusia anapita nawo kunyumba, n'kuimbira Domingo.

"Ine mapepala anga sali bwino, mlongo," anatero Domingo. "Ndikatuluka muno sindilowanso, ndiye tonse tidzadya chiyani? Ingogwirizira kaye. Pa Khirisimasi ndibwera, tidzaone chochita."

Lusia anauza Che Sadik kuti akhala kumudzi kwa kanthawi kochepa. Zovala zake zambiri anazisiya kwa Edith.

A Paulo anali munthu wa thupi. Kuwadzutsa, kuwatembenuza, kuwakokera pakhonde kuti aothere dzuwa, zonsezi zinkamusiya Lusia msana ukuwawa. Koma chovuta kwambiri chinali kuwasambitsa. Mwana wamkazi sasambitsa bambo ake. Nanga akanatani, poti abale awo aamuna anali kutsidya kwa malire, kumene ngakhale njira yake sankaidziwa? Ankawafunditsa chitenje, n'kumagwira ntchitoyo nkhope atalozetsa kukhoma. A Paulo nawonso ankatsinzina, misozi ikutsikira m'khutu.

Pa mawu onse amene munthu uja ankasekesa nawo chishedi chodzaza, panatsala amodzi okha. "Ika." Akafuna madzi, ika. Akamva kuwawa, ika. Koma nthawi zambiri ankawanena akuloza ndi dzanja lamanzere katoni ya zimbale yomwe inali pansi pa bedi. Akapanda kuwamvera ankakana phala, n'kumamenya mphasa mpaka dzanja kutupa.

Makina a dividi anali atapsa kale, jenereta nayo inali itafa Domingo atangochoka. Chotsala chinali netibuku yokha, yomwe Lusia ankakatchajitsa pa sola ya ometa tsitsi pa msika. Anawaikira mafilimu ake amene anabwera nawo kuchokera ku boma. A Paulo anangoyang'ana pang'ono n'kutembenuzira nkhope kumbali. Ankafuna awo, a m'katoni, amene ankawadziwa mpaka pamene munthu ati atsokomole.

Apa m'pamene anayambira maulendo a ku boma. Mayi Tatu anavomera kumawayang'anira a Paulo tsiku limene Lusia wachoka. Iye ankakulunga zimbale m'chitenje, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto pa msewu wafumbi uja wa mabampu mpaka kukafika pa tala, kenako matola otsika mapiri a Chowe. Galimoto ikayamba kukhotakhota potsetsereka, makutu ake ankatseka, chigwa chonse n'kuonekera pansi, mtsinje ukunyezimira pakati pa migwalangwa. Pamenepo m'pamene ankazindikira kuti mapewa ake anali ataumirira masiku onsewo, poti tsopano ankamasuka okha.

Pashopu ankakhala pa kompyuta yaikulu ija ngati sanachokepo. Zimbale za a Paulo zinali zokalamba, zokandikakandika ndi fumbi la m'chishedi. Zina kamzere kankafika pakati n'kuima, makina akulira ngati akukukuta mwala. Lusia ankachitulutsa chimbalecho, n'kuchitsuka ndi sopo, kuchipaka mankhwala otsukira mano, n'kuchipukuta pang'onopang'ono kuchokera pakati kupita m'mphepete. Zina zinkatheka, zina ayi. Podikira kamzereko ankamvetsera phokoso la depoti, kuitanira kwa makondakitala, ndiponso macheza a makasitomala. Masana Edith ankabwera ndi tchipisi m'kajumbo, n'kumadya ali chiimire, akusimba za anthu omwe Lusia anali atayamba kuiwala nkhope zawo.

Madzulo akafika kunyumba ankapeza a Paulo ali pakhonde, maso ali kunjira. Ankaika netibuku pa mpando wa ndalema patsogolo pawo. Filimu ikayamba, mlomo wawo wopotokawo unkagwedera, kufuna kumasulira monga kale, koma chotuluka chinali chomwecho: "Ika, ika." Komabe ankadya phala lonse, maso ali pa kanema.

Ulendo wina Lusia analakwitsa posintha, mawu n'kumabwera mochedwa, munthu atatseka kale pakamwa. Mayi Tatu sanaone vuto lililonse, koma a Paulo anamenya mphasa, n'kukankha mpando mpaka netibuku inatsala pang'ono kugwa. Mwini vidiyo sho sakanalola zoterozo. Lusia anawapepesa, nati akakonza sabata yamawa. Akunena zimenezo anamva kamtima kake kakudumpha ndi chimwemwe, ndipo anachita manyazi.

Kuyambira pamenepo anayamba kunyamula zimbale zochepa. Kompyuta ya Che Sadik ikanatha kumaliza zambiri pa tsiku, koma iye ankatenga zitatu kapena ziwiri, zotsalazo n'kuzibwezera pansi pa bedi. Akayang'ana m'katonimo ankaona kuti idakali yodzaza, mtima n'kukhala pansi.

Khirisimasi inadutsa Domingo osabwera. Anatumiza kasola kakang'ono koika padenga, ndi uthenga woti mwina pa Isitala. Shopu ya ku Makokola sikanadikira mpaka kalekale. Che Sadik anamuuza Lusia yekha, akuyang'ana pansi, kuti aipereka kwa Edith.

"Palibe chovuta," anatero Lusia. "Edith ndi wanzeru. Ndimuonetsa zosinthazi."

Anamuonetsadi tsiku lomwelo, mwachifatse, mpaka Edith anagwira.

Patapita miyezi, Che Sadik anapita ku Limbe kukaoda katundu. Lusia atabwera ulendo wotsatira, bamboyo anatulutsa kabokosi pansi pa kauntala, nkhope ili mwee.

"Ndakhala ndikukuganizira, mwanangu. Mtunda wonse uja, fumbi, mabampu, chifukwa cha zimbale ziwiri? Tsegula."

Munali kamakina kakuda kaphwatalala, kokhala ndi chingwe chachifupi.

"Kameneka ndi pakamwa paja unkafuna," anatero Che Sadik. "Ungolumikiza ku netibuku yako, chimbale n'kulowa. Pulogalamu ndikuthirira lero lomwe. Uzisinthira kunyumba konko, bambo ako uli nawo pafupi. Suvutikanso ndi maulendo, Insha Allah."

Lusia anakalandira ndi manja awiri, akupinda maondo. Anathokoza kawiri katatu. Che Sadik anaona misozi m'maso mwake nayesa ndi ya chisangalalo.

Atafika kunyumba sanauze aliyense. Anatsegula sutikesi ya malemu mayi ake, n'kukankhira kabokosiko pansi pa zitenje zakale, n'kutseka. Sabata ziwiri zitadutsa anakulunga zimbale monga mwa masiku onse, n'kukagogoda kwa mayi Tatu.

Che Sadik atamuona pakhomo la shopu anadabwa. "Kaja sikakugwira?"

"Kakugwira," anayankha Lusia, maso ali pa chitenje chake. "Koma netibuku ikumachedwa. Ikumatentha."

Bamboyo anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anauza mnyamata amene ankatayipa kuti asunthe, napita kukagula fanta, n'kumuikira patebulo. Nkhani ya kamakinako sanaifunsenso.

Zinayenda choncho mpaka dzinja. Tsiku lina Lusia ali ku boma, mvula yamphamvu inagwa kumapiri. Pobwerera anapeza kamtsinje kena katasefukira, njinga zamoto zitangondanda kutsidya lino, palibe wolimba mtima kuwoloka. Foni yake inali itazima. Anagona m'khonde la golosale pamodzi ndi amayi ena ochokera kumsika, ndipo anafika kunyumba m'mawa mwake dzuwa litakwera, matope mpaka m'maondo.

Pakhomo anapeza anthu. Dzulo lake masana, mdzukulu wa mayi Tatu anali atakomoka ndi malungo, ndipo iwo anathamanga naye kuchipatala, atawasiya a Paulo pakhonde filimu ikusewera. Batire inatha. A Paulo anaitana, anaitana, palibe wobwera. Ndiye anayamba kudzikoka ndi dzanja limodzi kulondola chingwe cha sola, mpaka anagubuduka pa sitepe n'kugwera pabwalo. Mvula yonse ija inawathera pathupi. Anawapeza ndi anthu ochokera ku chigayo.

Chibayo chinawagwira, ndipo anagonanso m'chipatala. Atatuluka anali atachepa thupi, ndipo sankalola Lusia atalikire. Akangomva chitseko, dzanja lija linkagwira m'mphepete mwa chitenje chake.

Mayi Tatu anabwera ndi nkhuku, nakhala pansi pakhomo.

"Mwanangu, ine ndakula. Ndili ndi adzukulu anga odwaladwala. Munthu uyu akanafera m'manja mwanga, ndikanawauza chiyani mayi ako kumene aliko? Undikhululukire. Kubwera kudzakuthandiza kuwanyamula ndizibwera, koma kundisiyira tsiku lonse, iyayi."

"Simunalakwe, amayi," anatero Lusia. "Wolakwa si inu."

Madzulo a tsiku limenelo anatsegula sutikesi ija.

Zomwe anamuuza Che Sadik sizinali bodza lokhalokha. Netibuku inkachedwadi. Filimu yomwe kompyuta yaikulu inkamaliza munthu asanamwe tiyi, iyo inkaiyamba m'mawa n'kudzaimaliza dzuwa litapendeka, ikulira ngati udzudzu, pansi pake potentha moti sungaike pamwendo. Lusia ankaikhazika pa tizitsekerero ta mabotolo kuti mphepo izidutsa pansi. Kukachita mitambo sola inkafooka, makina n'kuzima kamzere katatsala pang'ono kufika, ndipo mawa lake ankayambiranso pachiyambi. Ankasesa, n'kudzasuzumira. Ankachapa zofunda za a Paulo, n'kudzasuzumira. Vuto lina linali lakuti pamene ikusintha sinkatha kuonetsa filimu, choncho a Paulo ankakhala tsiku lonse akuyang'ana kamzereko limodzi naye, akung'ung'udza.

Mbiri inamveka kuti Abiti Paulo akusintha zimbale pakhomo pake. Aphunzitsi a pa pulayimale anayamba kubwera, alangizi a zaumoyo, ndi anyamata ogulitsa zitenje ndi mafuta m'malire. Ena ankafuna mafilimu a mu laputopu, ena ochepetsetsa kuti alowe m'memore khadi ya foni. Ankabwera, kucheza pang'ono za kumene achokera, n'kunyamuka. Lusia ankawaperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo. Kupitirira pamenepo mawu aja ankamupeza: "Ika! Ika!" Ku mjigo ankapita akuthamanga. Ku tchalitchi anasiya, moti akulu a mpingo ndiwo ankabwera nawo mapemphero kunyumba.

Sikuti masiku onse anali owawa. Ana oweruka kusukulu anayamba kuunjikana pakhonde, mitu itagundana mozungulira kakanema kaja. Tsiku lina mwana wina anafunsa kuti munthu wa m'filimuyo akuti chiyani, ndipo Lusia, osaganiza n'komwe, anayankha ndi mawu a bambo ake enieni, amene anawamva kambirimbiri ali wamng'ono: kuti mkuluyo akudandaula kuti apongozi ake amubera mbuzi. Ana anafa nacho chiseko. A Paulo anatulutsa phokoso lomwe Lusia anali asanalimve chidwalireni, mapewa akugwedezeka. Kuyambira tsikulo iye ndiye ankamasulira. Akalondola, a Paulo ankagwedeza mutu, akaphonya, ankamenya mphasa, ana n'kukuwa kuti, "Mwalakwitsa, anti, bwerezani!"

Domingo anabwera kamodzi, patatha zaka. Anafika ndi jekete lachikopa ndi foni yaikulu ngati chikhatho. Ataona bambo ake anagwada n'kulira ngati mwana. Lusia anamupatsa beseni ndi sopo kuti awasambitse, poti mwana wamwamuna anali atafika. Domingo analowa, koma posakhalitsa anatuluka thukuta lili kamukamu, n'kukaima kuseri kwa nyumba.

"Iwe uli ndi mtima wolimba, mlongo," anatero pambuyo pake. "Ine sindingathe."

"Inenso sindinkatha, achimwene."

"Ndikabwerera ndikayesetsa tipeze munthu wantchito."

Sabata isanathe anali atakwera basi. Munthu wantchitoyo sanaoneke.

Katoni ija inatha. Chimbale chilichonse chotheka chinali chitalowa mu netibuku, ndipo zokanikazo Lusia anazimangirira pa ulusi kumunda kuti ziziopseza mbalame. Makasitomala nawo anayamba kuchepa. Netiweki itafika bwino, anyamata ankangotumizirana mafilimu pa foni, ndipo pa msika zimbale zinasowa. Netibuku inakalamba: batire inatupa, mabatani ena anathothoka, ndipo inkayaka pokhapokha chingwe chili chilumikizire. Lusia ankaisamala ngati wodwala wachiwiri, chifukwa ankadziwa kuti tsiku limene idzazime, a Paulo adzasiya kudya.

Koma anatsogola ndi a Paulo. Anamwalira m'nyengo yachisanu, m'mawa, Lusia akuwaphikira phala. Anthu anabwera ambiri pa maliro, Akhristu ndi Asilamu omwe, ndipo abambo a imvi ankakumbutsana nthabwala za m'chishedi muja n'kumaseka chamumtima pansi pa mtengo. Domingo sanabwere, anati malire avuta.

Masiku otsatira Lusia ankadzidzimuka pa mjigo, kuganiza kuti wamva kuitana. Ankafika pa mtengo wa mango n'kuima yekha, osadziwa chomwe waimira. Zovuta zitatha, anavala diresi lake labwino, lomwe tsopano linkamukhwepa, n'kutsikira ku boma chimanjamanja.

Shopu ya Che Sadik anaidutsa kaye osaizindikira. Kompyuta yaikulu ija panalibe. Makoma onse anali atapachikidwa zikuto za mafoni, matchaja ndi mahedifoni, ndipo pakona panali tebulo la mnyamata wokonza mafoni. Che Sadik ndevu zinali zitayera. Anamupepesa za maliro, nakhala naye pa benchi panja.

"Za zimbale zija zinatha, mwanangu. Edith nayenso kuja akugulitsa zomwezi. Koma manja ako ndimawadziwa. Munthu amene ankaukitsa zimbale zakufa zija sangalephere kusintha galasi la foni. Mnyamatayu akupita ku Lilongwe mwezi wamawa. Bwera akuphunzitse asanachoke. Pogona tikupezera."

Lusia anafunsa kawiri ngati akunena zoona. Pobwerera anagula chikwama chatsopano cha mizeremizere pa depoti. Kunyumba anayamba kulongedza. Munda anagwirizana ndi mayi Tatu kuti ana awo azilima, nyumba aziyang'anira.

Domingo anaimba chikwama chili pakati kudzaza. Anayamba ndi kupepesa za maliro, kenako anazungulirazungulira, mpaka anafika pa nkhani yake. Mkazi amene ankakhala naye kumeneko anali atamuthawa, n'kumusiyira ana awiri. Iye ntchito yake inali ya ulonda, ndipo analibe wowasiyira.

"Ndiye ndaganiza kuti abwere kwanuko. Nyumba ilipo, munda ulipo, iwenso ulipo. Sukulu ayambira konko."

"Ayi, achimwene."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi. Ine ndagwirizira mokwanira. Ndapeza ntchito ku boma, ndikunyamuka."

Kenako Domingo anayankhula motsitsa mawu. "Mlongo, anawo anyamuka kale dzana ndi atransipota. Panopa ali m'njira. Ndimaopa kukuuza."

Lusia anadula foni. Anakhala pa bedi la bambo ake, manja ali pamiyendo, mpaka nkhuku zinayamba kulowa m'nyumba. Mayi Tatu atamva anati, "Pita nawo ku boma." Koma kachipinda komwe Che Sadik anapeza kanali kogona atsikana atatu kale, ndipo wophunzira ntchito sayamba n'kulandira zoti n'kudyetsa pakamwa patatu. Kuno kunali chimanga m'nkhokwe.

Anawo anafika Lachisanu pa lole ya katundu, atakhala pamwamba pa matumba. Wamkulu anali mtsikana wa zaka ngati zisanu ndi zitatu, wamng'ono mnyamata woti sanayambe sukulu. Dalaivala anawatsitsa pa msika, n'kufunsa kuti Abiti Paulo ndi ati. Nkhope zawo zinali zotuwa ndi fumbi la maiko atatu. Mtsikanayo anagwira dzanja la mlongo wake mwamphamvu, dzanja linalo atakumbatira kachikwama ka pulasitiki.

"Ndine azakhali anu," anatero Lusia, atanjuta kuti afanane nawo msinkhu. "Mwayenda bwanji?"

Mtsikanayo anayankha m'chilankhulo cha ku Joni, mawu ambirimbiri othamanga, akuloza mlongo wakeyo. Lusia sanamvepo kanthu. Mnyamata wina wa kabaza, yemwe anakhalako kumeneko, ndiye anamasulira.

"Akuti mwanayu sanadye chichokereni ku Tete, ndipo nsapato yake imodzi yagwera m'njira. Akufunsanso ngati bambo awo afika mawa."

Lusia anayang'ana phazi la mwanayo, lopanda nsapato, lotupa ndi kukhala. Anamasula chitenje chake, n'kumubereka kumsana. Anagula mandasi awiri pa benchi ya pafupi, limodzi n'kupatsira kumbuyo, linalo n'kupatsa mtsikanayo.

"Muuze kuti za mawa tikamba kunyumba," anatero kwa wa kabaza uja. "Muuzenso kuti si patali, koma ayende kumbali kwanga kuno, njinga zimathamanga."

Mtsikanayo anamvetsera, nayang'ana Lusia kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Kachikwama kaja anakana kupereka, koma anasunthira kumbali imene anauzidwa, ndipo anayamba kuyenda.